Laputopu ikuyendabe: ndigule ina kapena ndikhale nayo?

Funso limeneli limafika kwa aliyense amene anzake amamuona ngati amadziwako za makompyuta. Amafunsa wophunzira wa kukoleji amene waona anzake akutulutsa m'zikwama malaputopu opyapyala. Amafunsa mphunzitsi amene yake imatenga nthawi kuti iyake. Amafunsanso mayi wa bizinesi yotayipa ndi kusindikiza makalata amene wamva kuti Windows 10 "yatha". Ndasonkhanitsa pano mafunso amene amabwera mobwerezabwereza, pamodzi ndi mayankho anga. Mbali imene ndaima ndiinene pachiyambi pomwe: malaputopu ambiri amene eni ake awataya mtima sanathe, kachipangizo kamodzi m'kati mwake ndi kamene katopa, ndipo kamasinthika. Komabe alipo ena amene nthawi yawo yakwanadi, ndipo kuwakakamira n'kudziitanira mavuto.

Kodi laputopu imayenera kusinthidwa ikatha zaka zingati?

Palibe zaka zoikika. Mumamva ena akuti zitatu, ena zisanu, koma ziwerengero zimenezo n'za makampani akuluakulu, amene amasintha makompyuta a antchito awo waranti ikatha kapena pangano lobwereka likafika kumapeto. Iwo amawerengera kuti wantchito akakhala manja lende chifukwa kompyuta yafa, kampani imataya zambiri kuposa mtengo wa ina. N'chifukwa chake m'mashopu a ku Limbe, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu mumapezeka ma Dell Latitude, ma HP EliteBook ndi ma Lenovo ThinkPad a kaunjika. Ambiri anali a m'maofesi akunja, ndipo anawasiya akadali ndi moyo. Owagula kuno amagwira nawo ntchito zaka zinanso zingapo.

Choncho zaka zisiyeni kaye. Tengani pepala mulembe ntchito imene mukufuna kugwira koma laputopu yanu ikukanika. Mulembe mwachindunji. Kungoti "ikuchedwa" sikukwanira. Ikuchedwa pochita chiyani? Poyaka? Mukatsegula masamba ambiri a pa intaneti? Mukamakonza mavidiyo a ukwati? Ngati mwakhala ndi pepalalo kwa kanthawi osapeza cholemba, ndiye kuti chimene chikukuvutitsani ndi kusirira chatsopano. Kusirira si mlandu, tonse timasirira, koma mudziwe kuti ndi kusirira musanatayirepo malipiro a miyezi ingapo.

Yanga ndikaiyatsa ndimatha kuwiritsa madzi a tiyi isanatseguke. Si kukalamba kumeneko?

Kawirikawiri ayi. Purosesa, kachipangizo kamene kamachita masamu onse a kompyuta, siichepa mphamvu chifukwa cha zaka. Laputopu ikayamba kukwawa, woyambitsa amakhala mmodzi mwa atatu awa, kapena onse pamodzi.

Woyamba ndi mosungira mafayilo. Malaputopu ambiri akale, ngakhale ena otchipa a m'ma 2018 ndi 2019, anabwera ndi hard disk. M'kati mwake muli timbale tozungulira maulendo 5,400 pa mphindi, ndi kamkono kamene kamathamangira uku ndi uku kufunafuna pamene palembedwa zimene mwaitanitsa. Mukaika khutu pafupi mumakamva kakugogoda pang'onopang'ono. SSD, mtundu wina wa mosungira mafayilo, ilibe kanthu koyenda, imasunga zonse m'timachipu. Hard disk ya laputopu imawerenga pafupifupi ma megabyte 100 pa sekondi, pamene SSD ya mtundu wa SATA, imene imalowa pamalo omwewo, imafika pa 500 n'kupitirirako. Koma kusiyana kwenikweni kumaonekera pa timafayilo ting'onoting'ono tambirimbiri timene Windows imawerenga poyaka. Pamenepo kamkono kaja kamataya nthawi n'kuyendayenda, pomwe SSD imangotola nthawi yomweyo. Laputopu imene inkatenga mphindi zitatu kuti iyake ikhoza kumayaka pasanathe theka la mphindi. Pa zonse zimene mungachitire kompyuta yakale, palibe chimene chimasintha zinthu kuposa kuiikira SSD, ndipo mtengo wake ndi kagawo kochepa chabe ka mtengo wa laputopu ina.

Wachiwiri ndi RAM, malo amene kompyuta imaikapo zimene ikugwiritsa ntchito pa nthawiyo. Masiku ano 4GB siikwanira. Mukatsegula Chrome ndi masamba asanu ndi atatu, pambali WhatsApp ndi Word, yadzaza kale, ndipo kompyuta imayamba kutsanulira zotsalazo ku diski, komwe n'kochedwa kwambiri. Pa ntchito za mu ofesi ndi za kusukulu 8GB imayenda bwino, 16GB ndiye mumapuma. Chenjezo n'lakuti malaputopu ambiri opyapyala RAM yawo inawotcheredwa pa bolodi, siichotsedwa kapena kuwonjezeredwa. Fufuzani dzina la mtundu wanu musanagule kalikonse.

Wachitatu ndi kutentha, ndipo ameneyu kuno kwathu timamudziwa. Okonza makompyuta akatsegula laputopu imene yadutsa miyezi ingapo ya Okutobala osapukutidwa, amapeza fumbi ndi tiulusi ta zofunda zitagwirana n'kukhala kachikhatho kotuwa, katatseka mipata yonse imene mpweya wotentha umatulukira. Fani imalira usana wonse koma mpweya sukudutsa. Purosesa ikatentha kwambiri imadzichepetsa liwiro yokha kuti isapse, inu n'kumati yakalamba. Kupukuta fumbilo ndi kupaka mwatsopano phala lotulutsa kutentha limene limakhala pamwamba pa purosesa ndi ntchito yosafika ola limodzi. Ndipo chizolowezi choika laputopu pabulangete kapena pamatiresi chisiyeni, chifukwa mpweya umalowera pansi.

Kuti mudziwe amene akukuvutitsani, dinani Ctrl, Shift ndi Esc nthawi imodzi. Patseguka Task Manager. Pitani pa Performance, muone pamene palembedwa Disk ndi Memory. Pa Disk amalembapo ngati ndi HDD kapena SSD. Ngati ili pa 100 peresenti nthawi zonse pomwe simukuchita chachikulu, mwamupeza. Ngati Memory ikukhala pafupi kudzaza, vuto ndi RAM. Muonenso pa Startup, muzimitse mapulogalamu amene amadziyatsa okha inu osawaitana.

Mukamapita nayo kwa okonza, lembani kaye kukula kwa RAM ndi diski zimene zilimo, ndipo mupemphe kuti chipangizo chakale chimene achotsa akubwezereni. Wokonza wokhulupirika sakhumudwa nazo zimenezi.

Batire silikhalanso. Magetsi akazima, nayonso imazima. Pamenepa si pogula ina?

Funso la batire kuno ndi lolemera kuposa kumayiko ena, chifukwa magetsi akapita batire ndilo limagamula ngati ntchito ipitirire kapena iime. Koma batire n'chinthu chimene chinapangidwa kuti chizitha. Apple, mwachitsanzo, imanena kuti mabatire a ma MacBook a masiku ano akachajidwa n'kutha maulendo 1,000 amayenera kumasungabe 80 peresenti ya moto umene ankasunga ali atsopano. Kutentha kumafulumizitsa kuthako. Batire kutha sikutanthauza kuti laputopu yatha.

Pa Windows mukhoza kuona nokha mmene lilili. Tsegulani Command Prompt, lembani powercfg /batteryreport, dinani Enter. Kompyuta ikulemberani lipoti n'kukuuzani pamene yaliika. Mu lipotilo yang'anani mizere iwiri: Design capacity, moto umene batire linkasunga pochoka kufakitale, ndi Full charge capacity, umene likusunga lero. Ngati wa lerowo watsika kufika theka, gulani batire lina. Yesetsani kupeza lenileni la mtundu wanu. Otchipa kwambiri aja ambiri amayamba bwino, pakapita miyezi yochepa mwabwerera pomwe munali.

Pali chinthu chimodzi chimene sichifunika kuchedwa nacho. Mukaona kuti malo oyendetsera chala atukuka, kapena chikuto chapansi chafufuma mpaka laputopu siikhazikika bwino patebulo, batire latupa. Zimitsani, chotsani chaja, pitani nayo kwa okonza. Batire lotupa likabooka likhoza kuyaka moto.

Ndinenenso chilungamo cha mbali inayo. Pa nkhani ya moto, malaputopu atsopano anapitadi patsogolo. Ena mwa iwo, makamaka ma MacBook Air a purosesa ya M1 ndi yotsatira, amatha kugwira tsiku lonse la ntchito osachajidwa, pamene yakale ngakhale muiikire batire latsopano imakupatsani maola ochepa. Ngati mumagwira ntchito kumudzi kopanda magetsi, mwina kutolera kafukufuku kapena kuphunzitsa, chimenechi n'chifukwa chomveka chogulira ina. Koma ngati mumagwira pakhomo, yerekezerani mtengowo ndi wa sola ndi batire lalikulu, zimene zingayatsenso foni, nyale ndi intaneti ya m'nyumba.

Ndamva kuti Windows 10 inatha. Ndiye kuti laputopu yanga isiya kugwira?

Siisiya. Iziyaka monga kale, mafayilo anu akhalapo, Word izitseguka. Chimene chinatha pa 14 Okutobala 2025 ndi thandizo la Microsoft, makamaka zigamba za chitetezo zimene kampaniyi inkatumiza mwezi ndi mwezi. Tsiku lomwelo inasiyanso kuthandiza Office 2016 ndi Office 2019.

Pa mafunso onse, limeneli ndi limene sindifuna kuti mulipeputse. Pulogalamu yaikulu ngati Windows imakhala ndi mipata imene imatulukira pang'onopang'ono, ndipo akuba a pa intaneti amaisakasaka. Mpata ukadziwika, Microsoft imatumiza chigamba. Thandizo likatha, mipata imapitirira kutulukira koma wotseka palibe. Mu Meyi 2017 vairasi yotchedwa WannaCry inalowa m'makompyuta m'mayiko oposa 150, n'kumatseka mafayilo a anthu mpaka alipire. Ku Britain zipatala za boma za NHS zinakhudzidwa moti odwala ena anabwezedwa ndipo maopaleshoni anaimitsidwa. Chigamba chotseka mpata umenewo chinali chitatuluka kale mu Malichi chaka chomwecho, koma makompyuta ambiri anali asanachilandire. Ngati pa laputopu yanu mumalowera kubanki, mumasungapo mayeso a ana asukulu kapena zikalata za makasitomala, nkhani imeneyi ikukukhudzani.

Poyambira ndi kuona ngati yanu ingalandire Windows 11, imene inatuluka mu Okutobala 2021 ndipo ndi yaulere kwa amene ali ndi Windows 10 yovomerezeka. Microsoft ili ndi kapulogalamu kotchedwa PC Health Check kamene kamakuuzani nthawi yomweyo. Zimene imafuna ndi RAM yosachepera 4GB, malo osungira osachepera 64GB, kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo kapena AMD Ryzen 2000 kupita m'tsogolo. Mwachidule, malaputopu ambiri opangidwa kuyambira 2018 amadutsa. Nthawi zina kapulogalamuko kamakana chifukwa TPM inangozimitsidwa mu BIOS, makonzedwe a m'kati a kompyutayo, ndipo kuiyatsa ndi ntchito ya mphindi zochepa. Anthu ena agula malaputopu atsopano chifukwa cha kabatani kamodzi kameneka.

Yanga yakanidwa Windows 11. Kwatsala kugula basi?

Njira zilipo, ngakhale iliyonse ili ndi mtengo wake.

Microsoft inatsegula chaka chimodzi chowonjezera cha zigamba za chitetezo kwa anthu wamba, mpaka 13 Okutobala 2026. Munthu amalembetsa ndi akaunti ya Microsoft, mwaulere ngati walola kusungitsa makonzedwe a kompyuta yake kwa iwo, kapena polipira madola 30. Imeneyi ndi nthawi yoti munthu akonzekere, vuto lenilenilo silichoka.

Ena amakakamiza Windows 11 kulowa pa kompyuta yokanidwa, ndipo okonza ambiri amadziwa kachitidwe kake. Kwa ambiri imayenda. Koma Microsoft inanena poyera kuti makompyuta otere sakutsimikiziridwa kulandira zigamba, choncho mukuyenda pa chisomo chimene chingathe tsiku lililonse.

Njira imene ine ndimaikonda kwa munthu amene ntchito yake ndi kulemba, kuwerenga, maimelo, Zoom ndi mavidiyo ndi Linux, imene imalowa m'malo mwa Windows. Linux Mint ndi Ubuntu ndi zaulere ndipo zimayenda bwino pa makina amene Windows 11 yawakana. Ubuntu inayambitsidwa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo mtundu wake wa 24.04 uzilandira zigamba mpaka 2029, chimodzimodzinso Linux Mint 22. Mint maonekedwe ake sali patali ndi Windows, moti wozolowera Windows sasochera kwambiri. Chrome ndi Firefox zimayenda, ndipo LibreOffice imatsegula mafayilo a Word ndi Excel. Ubwino wina ndi wakuti mukhoza kuiika pa fulashi n'kuiyesa osafufuta kalikonse pa laputopu yanu. Poyesapo onani ngati Wi-Fi, kamera, mawu ndi makina osindikizira zikugwira.

Koma Linux si ya aliyense. Microsoft Office yeniyeni, Photoshop, CorelDRAW ndi mapulogalamu ambiri a maakaunti siziyendamo mwachindunji. Ngati chakudya cha pakhomo panu chimachokera pa CorelDRAW, musadzivute nayo. Ndipo LibreOffice nthawi zina imasuntha maonekedwe a chikalata chimene chili ndi matebulo ambiri, zimene wolemba kafukufuku wa digiri ayenera kuzidziwa asanasamuke.

Kwa amene ali ndi Mac ya purosesa ya Intel nkhani ndi yofananako. Apple inayamba kupanga mapurosesa akeake a Mac mu 2020, ndipo inalengeza kuti macOS Tahoe ndiyo yomaliza kuyenda pa makina a Intel. Anu ali ndi nthawi, koma ndi yowerengeka.

Ndiye ndi liti pamene inu mungandiuze kuti ndigule?

Ndinganene mosazengereza ngati bolodi yaikulu yayamba kuvuta: laputopu ikuzima yokha, ikukana kuchaja ngakhale mwasintha chaja ndi batire, mwapita nayo kwa okonza kangapo koma vuto likubwerera. Ndinganenenso ngati zofunika kukonza zachuluka nthawi imodzi, sikirini yang'aluka, mahinji athyoka, kiyibodi ikudumpha zilembo, batire latha. Mukawonkhetsa zonsezo n'kupeza kuti zikupitirira theka la mtengo wa laputopu ya kaunjika yabwino, ndalamazo zisungeni zikathandize kugula inayo.

Palinso timalaputopu totchipa timene tinabwera ndi RAM ya 4GB yowotcherera ndi malo osungira a 32GB kapena 64GB, nawonso owotcherera. M'timeneto mulibe chosintha. Tikakucheperani, takucheperani basi.

Chifukwa china chomveka n'chakuti ntchito yanu yakula. Munagula kuti muzitayipa, lero mukujambula mapulani a nyumba pa AutoCAD kapena mukukonza mavidiyo a 4K. Ngati vidiyo imodzi ya ukwati ikutenga usiku wonse kuti ituluke, kasitomala akudikira, magetsi akhoza kuzima pakati n'kuyambiranso, ndiye kuti yakaleyo ikukudyerani ndalama tsiku ndi tsiku. Kwa munthu wotere makina amphamvu ndi mpamba wa bizinesi, ndipo amabweza okha ndalama zimene anagulira.

Mitengo ikungokwera. Si bwino kugula lero kusiyana n'kudikira?

Nkhawa imeneyi ndimaimvetsa. Malaputopu onse amachokera kunja ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene ankasunga ndalama za laputopu nthawi imeneyo anaona mtengo ukuwathawa. Ngati mukudziwa kuti m'miyezi ingapo ikubwerayi muifunadi, ndipo ndalama zilipo, kugula msanga n'kwanzeru.

Koma laputopu si malo osungiramo chuma. Imayamba kutsika mtengo tsiku limene mwatuluka nayo m'shopu, waranti imayamba kuwerengedwa, batire limayamba kukalamba ngakhale ili m'katoni. Kugula chinthu chimene simukuchifuna poopa kuti chikwera n'kutseka ndalama zimene zikanagwira ntchito ina.

Ndipo pa ngongole ndiye ndikupemphani mwapadera. Zimandipweteka kuona kholo likutenga katapila kapena kugulitsa chimanga cha chakudya kuti mwana apite kukoleji ndi laputopu yonyezimira, pomwe m'nyumba muli ina imene ikungofuna SSD ndi batire. Wophunzira wa maphunziro ambiri amafuna makina olembera, owerengera ndi olowera pa intaneti. Ndalama zotsalazo zimuthandize pa bandulo, lendi ndi chakudya, zimene zimamusowetsa mtendere mwezi uliwonse. Amene akhoza kukhala wosiyana ndi wa zauinjiniya, zojambula mapulani kapena zamafilimu, ndipo ameneyo afunse kaye kudipatimenti kwake mapulogalamu amene azigwiritsa ntchito.

Ngati ndagamula kugula, ya kaunjika ndi yabwino? Ndiyang'ane chiyani?

Ndi yabwino ndithu, ndipo nthawi zambiri laputopu ya mu ofesi ya kaunjika imakhala yolimba kuposa yatsopano yotchipitsitsa. Ma Latitude, ma EliteBook ndi ma ThinkPad anapangidwa kuti azitsegulidwa n'kukonzedwa, ndipo zipangizo zake zimapezeka. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chikuto chopukutidwa bwino sichikuuzani kanthu za m'kati.

Msampha waukulu uli pa mawu akuti "iyi ndi Core i7". Dzina limenelo palokha silikwanira, chofunika ndi m'badwo. Tsegulani Settings, pitani pa System kenako About, muwerenge nambala yonse ya purosesa. Pa i5-8250U, nambala yoyamba 8 ikutanthauza m'badwo wa 8. Pa i7-7500U ndi wa 7. Pa i5-1135G7 manambala awiri oyambawo akutanthauza wa 11. Tsono taonani: i7-7500U ili ndi ma core awiri okha ndipo Windows 11 imaikana, pamene i5-8250U ili ndi anayi, imathamanga kuposa i7 imeneyo, ndipo imalandiridwa. Munthu akhoza kulipira zambiri chifukwa cha dzina la i7 n'kupita kunyumba ndi makina ofooka komanso opanda tsogolo. Ndipo kupeza Windows 11 ili kale pa laputopu si umboni wakuti ndi yovomerezeka, mwina inangokakamizidwa. Lero musagule ya m'badwo wochepera 8, ndipo ngati thumba likulola kwerani ndithu.

Musachoke m'shopu musanaiyese. Tulutsani lipoti la batire lija pamaso pa wogulitsa. Tsegulani Notepad mudine batani lililonse. Lowetsani fulashi pabowo lililonse. Yatsani kamera, imbani nyimbo, lumikizani Wi-Fi. Ikani chithunzi choyera pa sikirini yonse muone ngati pali madontho kapena mizere. Tsegulani ndi kutseka chivundikiro kangapo, mumve ngati mahinji akulira. Yesaninso kulowa mu BIOS: ngati ikufunsa mawu achinsinsi amene wogulitsa sakuwadziwa, isiyeni. Chimodzimodzi Mac imene idakali pa akaunti ya iCloud ya munthu wina. Makina otere akhoza kudzatsekeka m'manja mwanu, ndipo mwina ndi obedwa. Pemphani risiti yolembapo serial number, ndipo mugwirizane polemba masiku amene mungaibweze ikavuta.

Nanga awa akuti malaputopu a AI? Ndikapanda kugula sinditsalira?

Simutsalira. Kuyambira 2024 Microsoft ikutsatsa makina otchedwa Copilot+ PC, amene ali ndi kachipangizo kapadera kochitira ntchito zina za AI pa laputopu pomwepo. Koma ChatGPT, Gemini ndi ena amene anthu ambiri amagwiritsa ntchito amayendera pa makompyuta akuluakulu akutali. Laputopu yanu imangotumiza funso n'kulandira yankho, ndipo ya 2016 imachita zimenezo mofanana ndi ya chaka chino. Chimene chimafunika ndi intaneti yabwino.

Ndikagula ina, yakaleyo nditani nayo?

Choyamba samutsani mafayilo anu, ndipo mutsegule angapo pa yatsopanoyo kuti mutsimikize kuti afikadi. Tulukani mu maakaunti onse: imelo, WhatsApp, Facebook, banki, ndi mawu achinsinsi amene Chrome inasunga. Kungofufuta mafayilo sikukwanira, chifukwa munthu wodziwa amatha kuwabweza. Pitani pa Reset this PC, sankhani Remove everything, ndipo muyatse posankha pamene palembedwa Clean data. Zimatenga nthawi koma n'zofunika. Njira ina ndi kuchotsa diskiyo, kuiika m'kabokosi ka USB, n'kukhala posungira mafayilo anu apadera. Wolandira laputopuyo aikemo SSD yake.

Ngati ikuyendabe, isagone m'kabati. Batire limafa likangokhala, ndipo chaka chilichonse mtengo wake ukutsika. Igulitseni, kapena muiikire Linux n'kupatsa mwana wa achibale amene ali kusekondale ndipo sanagwirepo kiyibodi. Ana ambiri amafika kukoleji asakudziwa kutayipa, ndipo makina amene inu mwawaona ochedwa kwa iwo ndi okwanira kuphunzirirapo.

Ngati yaferatu, okonza makompyuta ambiri amagula zotere kuti achotsemo sikirini, kiyibodi, RAM ndi mahinji. Lipoti la mabungwe a United Nations la 2024 linapeza kuti mu 2022 dziko lonse linataya matani 62 miliyoni a zinyalala za zipangizo zamagetsi, ndipo zimene zinalembedwa kuti zatoleredwa n'kukonzedwanso moyenera sizinafike gawo limodzi mwa magawo anayi. Kwathu kuno zinyalala zambiri zimathera kudzala n'kuyatsidwa, ndipo utsi wa mabolodi ndi mapulasitiki a kompyuta ndi woipa kwa aliyense amene akuupuma, makamaka ana. Batire ndiye lisafike n'komwe kudzalako, chifukwa likapsa likhoza kuphulika. Lisiyeni kwa okonza omwewo.